Dzira la chambo ndi njere ya chimanga zili ndi mavuto amodzi

Chimanga chimene chili m'thumba pakona ya nyumba n'chamoyo. Njere iliyonse ikupuma, ngakhale pang'ono kwambiri moti simungazindikire, ndipo mkati mwake muli kachomera kathunthu, kamuzu ndi timasamba take tomwe. Ophunzira ambiri a Biology amene akukonzekera mayeso a MSCE amaiphonya mfundo imeneyi. Mutu wa kuberekana kwa nyama amauloweza pawokha, wa kumera kwa mbewu pawokhanso, ndiye akafunsidwa kuti chomera chatsopano chimayamba liti, amalemba kuti tsiku limene njere yamera. Chinayamba kale kumunda nyengo yathayo, pamene mungu umene unagwera pa ndevu za chimanga unakafika ku dzira. Kumera n'kupitiriza chabe kukula kumene kunaima njereyo itauma.

Nyama ndi zomera zimene zimaberekana pokumanitsa chachimuna ndi chachikazi zimalimbana ndi mavuto awiri ofanana. Loyamba n'lakuti maselo awiri osalimba, umuna ndi dzira, ayenera kukumana asanaume. Lachiwiri n'lakuti mluza umene wapangikawo uyenera kudya usanayambe kudzipezera wokha chakudya, choncho kholo liyenera kuupatsa kamba wa paulendo. Pafupifupi zonse zimene zili m'mitu iwiriyi ndi njira zosiyanasiyana zothetsera mavuto amenewa.

Masamu ake ndi afupi. Selo la m'thupi la munthu lili ndi makromosomu (timaulusi tonyamula zotengera kwa makolo) 46, la mbuzi 60, la nkhuku 78, la chimanga 20. Umuna ndi dzira zikanatenga chiwerengero chonsecho, mwana wa mbuzi akanakhala ndi 120, mwana wa mwanayo 240. Ndiye popanga maselo oberekera thupi limagawa chiwerengerocho pakati kudzera mu meiosis. Umuna wa tonde umanyamula 30, dzira la mbuzi yaikazi 30, zikakumana zimapanga selo limodzi lotchedwa zygote lokhala ndi 60, ndipo selo limeneli limagawikana mwa mitosis mpaka kukhala mluza. Meiosis imasakanizanso zimene kholo linatengera kwa makolo ake, n'chifukwa chake ana a mbuzi amapasa amatha kubadwa wina wakuda bii, wina wamawangamawanga. Chinangwa cha ku Nkhotakota ndi nzimbe za ku Dwangwa sizidutsa m'njira imeneyi. Mlimi amadula phesi n'kulibzala, ndipo chimene chimaphukacho n'chomera chomwe chija, ubwino wake womwewo, ndipo ngati chinali ndi matenda okwinyitsa masamba kapena owoletsa mizu, matenda akenso omwewo. Pamayeso, kuphuka kwa phesi la chinangwa musakutche germination, kumene ndi kumera kwa njere, chifukwa palibe njere.

Umuna uli ndi mchira ndipo umayenda posambira. Kwa zamoyo za m'nyanja vuto loyamba lija n'losavuta, madzi ali ponseponse. Usipa waukazi umangotaya mazira m'madzi, waumuna n'kutaya umuna pomwepo, basi, aliyense n'kumapita. Mlamba umadikira mvula, madambo akasefukira umakwera kukaikira mazira omata pa udzu womira, masauzandemasauzande, ndipo amaswa patangopita tsiku limodzi kapena awiri makolo atachoka kale. Mazira otere amakhala aang'ono ndipo kamba wake ndi wochepa. Ambiri sakumana n'komwe ndi umuna, ambiri amadyedwa, ndipo mtunduwo umapitirira chifukwa cha kuchuluka basi. Achule ndi amene amakola ophunzira. Poti wamwamuna amakwera pamsana pa wamkazi n'kumukakamira, ambiri amalemba kuti internal fertilisation, kukumana kwa umuna ndi dzira mkati mwa thupi. Kukakamirako n'kongofuna kuti umuna ndi mazira zituluke nthawi imodzi pamalo amodzi, koma zimakumana kunja, m'madzi.

Chambo chimachita zosiyana, ndipo apa mpofunika kufatsa. Nyengo yoswana chachimuna chimada, m'mphepete mwa zipsepse mukuyera, ndipo chimakonza bwalo lake pamchenga wa pansi pa nyanja, chozungulira ngati mbale, n'kumathamangitsa china chilichonse chachimuna chofika pafupi. Chachikazi chimayendera mabwalowo, chikasankha limodzi chimaikira mazira ochepa, nthawi yomweyo n'kutembenuka kuwatola ndi pakamwa. Kenako chimatsata kachingwe kolendewera kumimba kwa chachimuna, kumene kukutuluka umuna, ndipo mazira amakumana ndi umunawo, ena pabwalopo, ena m'kamwa momwemo. Uku n'kukumana kwa kunja ndithu, chifukwa m'kamwa si m'njira yoberekera. Zikatha, chachimuna chimatsala pabwalo kudikira china, chachikazi chimachoka ndi katundu wake.

Kwa milungu ingapo mayiyu sadya kwenikweni. Amangopukusa mazirawo m'kamwa kuti madzi abwino azidutsa ndi kuwapatsa okosijeni. Mazira a chambo ndi aakulu, achikasu, odzaza chakudya, ndipo sakhala masauzande ngati a mlamba, amakhala mazana ochepa. Tiana tikaswa timakhala momwemo, kathumba ka chakudya kakulendewera pamimba, mpaka katatha. Mayi amapita nato kumadzi osaya, kumabango, kukatitulutsa kuti tidye, ndipo chikabwera choopsa timathamangira m'kamwa. Amene anaimapo pafupi ndi khoka likukokedwa ku Senga Bay nyengo imeneyi anaziona izi ndi maso: chambo chikuphiriphitha pamchenga, n'kulavula mazira kapena tiana tosakwana chikhadabo, tikugwedeza michira padzuwa. Nsomba imodzi yagwidwa, koma zafa mazana.

Ichi ndicho chifukwa chake boma limatseka usodzi wa makoka kuyambira mu Novembala, ndiponso chifukwa chake kugwira kasawala, ana a chambo, n'koletsedwa. Njira ya chambo yobereka ochepa n'kuwasamala ndi yabwino polimbana ndi nsomba zinzake zolusa, koma polimbana ndi khoka la maso ang'onoang'ono ndi yofooka kwambiri. Mu 2018 bungwe la padziko lonse loona zoteteza zachilengedwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Ku Salima kuno anthu anayamba kale kuteteza nsomba pa nyengo yoswana. Pachilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo utaka umene asodzi amakapha kumeneko nawonso umalera ana m'kamwa.

Kampango amapitirira pamenepo. Makolo onse awiri amalondera ana pachisa cha pakati pa miyala, ndipo mayi amatulutsa mazira ena osakumana ndi umuna kuti anawo adye. Mpasa ndiye umachoka m'nyanja nyengo ya mvula n'kukwera mitsinje ngati Bua kukaswera pa timiyala m'madzi othamanga. Mazira ake amapuma mpweya wa m'madzi odutsa pakati pa timiyalato, ndiye matope ochokera m'minda yolimidwa mpaka m'mphepete mwa mtsinje akakwirira malowo, mazira amabanika.

Kumtunda kulibe madzi oti umuna usambiremo, choncho nyama yaimuna imaika umuna mkati mwa thupi la yaikazi, momwe muli chinyezi. Nkhuku ndi chitsanzo chimene aliyense ali nacho pakhomo. Tambala akakwera thadzi, umuna umasungidwa m'njira ya mazira ndipo umakhala wamoyo kwa milungu pafupifupi iwiri. Umakumana ndi dzira kumtunda kwenikweni kwa njirayo, lidakali chikasu chokhachokha, choyera chija ndi chigoba zisanakutepo. Ulendo wonse wa dzira mpaka kuikiridwa umatenga maola pafupifupi 25. Thadzi limaikira ngakhale popanda tambala, ndipo mazira a nkhuku zoikira za m'makola a malonda ndi otero. Mungawaike pansi pa thadzi mwezi wathunthu, sadzaswa.

Mukaswa dzira m'mbale, yang'anani pamwamba pa chikasu. Pali kadontho koyera kakang'ono. Mwanapiye amachokera pamenepo, ndipo chikasu chonsecho ndi chakudya chake, choyeracho n'kumupatsa madzi ndi mapuloteni. Chigoba chili ndi timabowo masauzande todutsa mpweya, n'chifukwa chake dzira lopakidwa mafuta kapena lomatidwa ndowe silikula bwino. Dzira lokumana ndi umuna likaikiridwa, kukula kumaima kaye chifukwa cha kuzizira, ndipo kumayambiranso thadzi likayamba kufungatira pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 38. Ichi ndicho chimachititsa kuti mazira khumi oikiridwa masiku khumi osiyana aswe pafupifupi tsiku limodzi, patatha masiku 21. Kuima kwa kukulaku mukugwire, chifukwa njere imachita zomwezo, kungoti kwa nthawi yaitali. Ng'ona za mu Bua zimakwirira mazira mumchenga kwa miyezi pafupifupi itatu, ndipo kutentha kwa mchengawo ndi kumene kumachititsa kuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi.

Nyama zoyamwitsa zinasiya zolongedza chakudya m'dzira. Dzira la munthu ndi laling'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Limakumana ndi umuna m'kanjira kochokera ku ovary, chiwalo chopanga mazira, n'kutsikira m'chiberekero, n'kudzikhomerera m'khoma lake. Pamenepo pamapangika nsengwa, pamene magazi a mayi ndi a mwana amayandikana kwambiri koma osasakanikirana. Shuga, okosijeni ndi zina zimadutsa kupita kwa mwana kudzera m'chingwe cha mchombo, urea ndi carbon dioxide n'kubwerera kwa mayi. Njira imeneyi imateteza mwana kuposa zonse, koma mayi amalipira zambiri, ndipo ana amakhala ochepa. Bere la mbuzi ndi la masiku pafupifupi 150, la ng'ombe miyezi isanu ndi inayi ndi masiku ochepa, la njovu miyezi 22, mwana mmodzi, kenako zaka zinayi kapena zisanu asanabwere wina. Njovu za m'nkhalango ya Nkhotakota zitatsika kuchoka pa 1,500 kufika posakwana 100 chifukwa cha opha nyama mozemba, kudikira kuti ziswane zokha kukanatenga mibadwo ya anthu. N'chifukwa chake mu 2016 ndi 2017 bungwe la African Parks linasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete.

Nanga chomera, chimene sichingayende kukafuna chinzake? Yankho lake ndi mungu, kanthu kokhala ndi khungu lolimba losauma msanga, kamene kamanyamula maselo aamuna pamphepo kapena pathupi la njuchi. Pa chimanga, ngayaye ndiyo maluwa aamuna, chisononkho chanthete ndicho maluwa aakazi, ndipo ndevu iliyonse imachokera ku dzira limodzi. Mungu ukagwera pa ndevu, kumene ndi pollination, umamera kapaipi kamene kamatsika mkati mwa ndevuyo mpaka ku dzira, ulendo wa pafupifupi tsiku limodzi. Fertilisation, kukumana kwa selo laumuna ndi dzira, imachitika kumeneko, ndipo zinthu ziwirizi musazisokoneze. Ng'amba ikagunda chimanga chikumasula, ndevu zimachedwa kutuluka, mungu n'kutha zisanafike, ndipo zotsatira zake ndi zisononkho zamagweru zimene alimi a kunyanja kuno amazidziwa bwino. Gweru lililonse ndi ndevu imene sinalandire mungu.

M'kapaipi muja mumatsika maselo aamuna awiri. Limodzi limakumana ndi dzira kupanga zygote. Linalo limakumana ndi ma nucleus awiri a pakati pa thumba la dzira kupanga endosperm, nkhokwe ya chakudya cha mluza. Wasayansi Sergei Nawaschin ndiye anafotokoza kukumana kuwiriku mu 1898. Umboni wake umaoneka ndi maso. Mukabzala chimanga choyera pafupi ndi munda wa chachikasu, pokolola mumapeza njere zachikasu apa ndi apo pachisononkho choyera. Mtundu wachikasuwo uli mu endosperm, ndipo unabwera ndi mungu wa kwa aneba. Endosperm imatenga pafupifupi magawo 80 pa 100 a kulemera kwa njere, ndipo ufa woyera wa nsima ndi endosperm yokhayokha. Kamtima ka chimanga, kamene ndiye mluza weniweniwo, kamapita ndi gaga pokonola.

Njere ikakhwima imataya madzi mpaka kutsala ndi magawo 12 kapena 13 pa 100, ndipo ma enzyme ake, mankhwala a m'maselo ofulumizitsa ntchito monga kuphwanya chakudya, amatsala pang'ono kulekeratu kugwira ntchito. Kumera kumayamba madzi akabwerera. Njere imamwa madzi, imatupa, khungu n'kusweka. Mluza umatulutsa hormone yotchedwa gibberellin, imene imauza maselo ozungulira endosperm kuti apange amylase, ndipo amylase imaphwanya sitachi kukhala shuga wosungunuka amene angayende kupita ku kamuzu ndi kamphukira. Amayi amene amaphika thobwa amaigwiritsa ntchito enzyme imeneyi tsiku ndi tsiku. Amanyika chimanga kapena mawere, n'kuzifunditsa ndi thumba kapena masamba a nthochi kwa masiku ochepa mpaka timizu toyera titatuluka, kenako n'kuyanika padzuwa kuti kumera kuime, n'kugaya. Chimera chimenecho chikathiridwa m'phala lolimba, phalalo limasungunuka n'kuyamba kutsekemera popanda shuga wa kugolosale. Ndipo wophika wodziwa amadikira kuti phala lipole pang'ono asanathire, chifukwa m'phala lobwata enzyme imawonongeka. Funso la pamayeso lonena za denaturation, kuwonongeka kwa enzyme kotereku, yankho lake lili mumphika umenewo.

Shuga uja amafuna okosijeni kuti atulutse mphamvu, ndipo ma enzyme amafuna kutentha koyenera. Zofunika zitatu za m'buku kuti njere imere ndi zimenezi: madzi, okosijeni, kutentha. Kuyesa kwake mumakudziwa, njere pathonje louma, zina pathonje lonyowa, zina m'madzi owiritsa n'kuziziritsa ndi mafuta pamwamba otsekereza mpweya, zina mufiriji, ndipo zimamera za pathonje lonyowa zokha. Nthaka, feteleza ndi kuwala sizili pamndandandawu, chifukwa njere ya chimanga kapena nyemba imadya zimene inalongedzeredwa. Mukaumitsa ndi kuyeza mbande ya masiku oyambirira, imapepuka kuposa njere imene inachokerako, chifukwa ikupuma koma sinayambe kupanga chakudya. Kulemera kumayamba kukwera masamba obiriwira akatambasuka.

Kumunda zinthu zitatuzi zimalamula zambiri. Ku Salima kutentha si vuto, chimanga chimatuluka m'masiku anayi kapena asanu. Vuto ndi mvula yonyenga. Njere youma imatha kudikira m'dothi louma, koma ikangomwa madzi n'kuyamba kumera, singabwerere m'mbuyo, ndipo dzuwa likaomba sabata ziwiri mluza umafa. Kubzala mozama kwambiri, kupitirira kwambiri masentimita asanu, kumachititsa kuti chakudya chithe mphukira isanaone dzuwa. M'munda wodikha madzi njere zimaola chifukwa mipata ya mpweya m'dothi yadzaza madzi.

Mpunga ndi umene umaphwanya lamuloli pang'ono, ndipo wophunzira wa ku Lifuwu kapena wa kudambo la Bua ali ndi ufulu wofunsa mphunzitsi za nkhaniyi. Njere ya mpunga imatha kupanga amylase ngakhale okosijeni ali wochepa, n'kupeza mphamvu pang'ono mwa kupuma kosafuna okosijeni. Pansi pa madzi imatulutsa kachimake ka mphukira kokhakokha, kamene kamatalika msanga kufuna pamwamba, muzu n'kudikira mpaka mpweya utapezeka. Madzi akazama kwambiri imafa ndithu. N'chifukwa chake alimi amanyika mbewu tsiku limodzi, n'kuivuula, n'kuifunditsa m'thumba lonyowa kuti imere pampweya asanaifese panazale. Pamayeso lembani zitatu zija, koma dziwani kuti mpunga uli ndi njira yakeyake.

Chimene chimayamba kutuluka nthawi zambiri ndi kamuzu, radicle, kuti kagwire dothi ndi kumwa madzi. Zotsatira zimasiyana. Nyemba, khobwe ndi thonje zimatuluka zitapinda khosi, tsinde la pansi pa ma cotyledon (timasamba ta m'njere) likukoka ma cotyledon onse awiri kupita nawo pamwamba pa dothi, kumene amabiriwira kenako n'kufota. Kumeneku ndi kumera kwa epigeal. Chimanga, nandolo ndi nzama zimasiya njere pansi n'kutumiza mphukira yokha, kumene ndi hypogeal, ndipo pa chimanga mphukirayo imatetezedwa ndi kachimake kosongoka koboola dothi. Kusiyanaku kumaoneka mvula yamphamvu ikagwa mutangobzala, dzuwa n'kuumitsa chikhokho pamwamba pa mzere. Chimanga chimaboola, koma thonje ndi nyemba zimathyoka makosi pansi pa chikhokhocho.

Pali njere zina zimene ngakhale muzipatse madzi, mpweya ndi kutentha, zimangokhala duu. Njere za malambe zili ndi khungu lolimba losalowa madzi, ndipo amene amadzala mitengo ya mlambe panazale amazinyika m'madzi otentha kapena kuzipala pang'ono. Njere za msangu, mtengo umene uli mbwee m'minda ya kunyanja, n'chimodzimodzi. Ng'ombe ndi mbuzi zimadya nyemba zake m'chilimwe, njere zina n'kudutsa m'mimba khungu litafewa, n'kugwa pansi pamodzi ndi ndowe. Kugona kotereku, dormancy, kumathandiza kuti njere zonse zisamere pamvula imodzi n'kufera limodzi.

Katswiri wa kudikira ndi kaufiti, udzu wa maluwa ofiira uja umene umapinimbiritsa chimanga. Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi, chomera chimodzi chimabereka masauzande makumimakumi, ndipo zimatha kukhala zamoyo m'dothi zaka zoposa khumi. Kamba wake ndi wochepa kwambiri, wongokwanira masiku ochepa, ndiye njereyo singamere mwachisawawa. Imadikira mpaka itamva mankhwala amene mizu ya chimanga kapena mapira imatulutsa m'dothi, pamenepo ndi pamene imamera, n'kumata kamuzu kake pa muzu wa chimanga n'kuyamba kuyamwa. Pamene maluwa akuonekera pamwamba, chimanga chimakhala chitavulala kale. Mankhwala oyamba a gulu limeneli, strigol, anapezeka mu 1966 m'mizu ya thonje. Thonje, soya ndi mtedza zimatulutsa mankhwala odzutsa njere za kaufiti, koma kaufiti wa chimanga sangayamwe pamizu yawo, ndiye njere zimamera n'kufa ndi njala. Kasinthasintha wa mbewu amene alangizi a zaulimi amalimbikitsa m'minda ya kaufiti amadalira zimenezi, ndipo chifukwa njerezo n'zambiri ndiponso sizimera zonse chaka chimodzi, munda wogwidwa kwambiri umafuna nyengo zingapo za thonje kapena soya, komanso kuzula kaufiti aliyense asanachite maluwa.